Kuyesa Nyanja ya Mchele pa Kacholola

Lolemba

Akulu anga aLuka aimba foni. Akuti ku Beira, komwe amakatenga katundu ndi lole, kuli malo a munthu womata matayala pafupi ndi doko, ndi chipinda chimodzi chogona. Adzadutsa pano pa Kacholola pa Sondo pochokela ku Lusaka. Ngati ndikufuna, tikwele tonse: ine, amake Tiko, Tiko ndi kamwana. Ngati sindifuna, malowo apatsa wina.

Ndayankha kuti, "Inde, palibe vuto." Pakamwa ndi pomwe payankha, mutu usanamve bwino.

Vuto lilipo. Beira ili m'mphepete mwa nyanja ya mchele. Ine madzi aakulu omwe ndinawaonapo ndi Luangwa, ndili m'basi pa mlatho, ndipo ndinatsinzina.

Koma ine mbewu yachilendo sindidzala munda wonse, ndimayamba ndi mizele iwili. Nyanjanso ndiyamba ndaiyesa konkuno. Masiku alipo okwana.

Zoyesa:
1. Kodi nkhuku zimamwa madzi a mchele?
2. Kodi sopo amachita thovu m'madzi otelo? Matewela ndi a tsiku lililonse.
3. Kusambila. Ine choyamba, kenako Tiko.
4. Dzimbili. Akuti mphepo yakumeneko imadya zitsulo. Masipanala anga!
5. Kukapempha kwa amalume a amake Tiko. Pano ndili pachikamwini, mkazi ndi ana sindingangowanyamula ngati matumba a makala.

Amake Tiko ndawauza. Angoti, "Kunyanja?" n'kupitiliza kusenda nshawa. Koma ndawaona akumwetulila mbale.

Lachiwili

Mchele mapaketi atatu m'dilamu ya kuseli kwa nyumba. Ndatakasa ndi mpini wa khasu. Ndalawa. Aa! Ngati nyanja ili chonchi, nsomba ndi zolimba mtima.

Sipanala yaing'ono ndaimiza m'chitini cha madzi omwewo kuti ndione dzimbili.

Nkhuku: tambala wamwa kamodzi, wapukusa mutu, wandiyang'ana nthawi yaitali. Zina zonse zakana. Thadzi lakuda lathawila kwa aneba.

Sopo: thovu palibe. Thewela lauma gwa ngati chikopa cha mbuzi.

Ndapita kumsewu kukagwila ntchito. Matayala awili a njinga, limodzi la ngolo. Cholakwa changa: dilamu sindinaiike chizindikilo, ndipo sindinauze munthu.

Lelo ndi tsiku lomwe amai a kwaya amaphunzilila nyimbo pakhomo pathu. Anthu khumi ndi awili. Amake Tiko atunga madzi a tiyi m'dilamu momwemo.

Ine kunalibe, koma ndamva zonse. Akuti amai otsogolela nyimbo ameza chifukwa cha ulemu, kenako misozi. Wina akuti, "Amake Tiko, shuga wa masiku ano wasintha eti?" Pobwela ndapeza makapu onse odzaza, ndi mkazi wanga ali chilili pakati pawo, ketulo m'manja.

Ndayenela kufotokoza. Pamaso pa kwaya yonse, mau awa atuluka m'kamwa mwa munthu wa ana awili: "Pepani amai, mwamwa nyanja."

Tsopano Kacholola yense akudziwa kuti tikupita ku Beira.

Lachitatu

Kusambila!

Chubu chakale cha galimoto. Zigamba zisanu ndi ziwili, ndamata ndekha, ndapopa mpaka chalila ngati ng'oma. Tiko ndamusiya kunyumba, ndiyambe ine kuti ndikamphunzitse zomwe ndikudziwa.

Ndasankha masana dzuwa lili pamutu, nthawi yomwe kudamu kumakhala ng'ombe zokha. Ndavula. Ndatsala ndi kabudula wamkati, uja wong'ambika kumbuyo. Chubu m'chiuno. Madzi m'maondo. Matope pakati pa zala. Ndakhalila chubu, mapazi asiya pansi. Ndikuyandama! Kwa kamphindi ndaona kuti Beira ndingaithe.

Kenako fyiii.

Chigamba chachinayi. Changa. Chomwe ndimauza makasitomala kuti chimafika ku Chipata n'kubwelela.

Ndakuwa. Buku ili ndi langa, sindibisa: ndakuwa "Mayo!" katatu. Ndamenya madzi, ndamwa, ndaitana Mulungu, ndamwanso. Kenako mau kumtunda: "Auzeni aimilile."

Ndaimilila. Madzi akulekela pamchombo.

Alankhulawo ndi apongozi anga. Amai ake a mkazi wanga! Munthu amene zaka zisanu ndakhala ndikuwapatukila m'njila. Sitinadyelepo pamodzi, sindinawayang'anepo kumaso, ngakhale phazi langa lopanda nsapato sanalionepo. Ali ndi mtolo wa nkhuni pamutu ndi amai ena atatu. Atembenukila kumbali, akulankhula ndi mtengo: "Auzeninso atate ake Tiko kuti malaya awo ng'ombe ikutafuna."

Inalidi ikutafuna.

Ndakhala pansi m'madzi, mutu wokha kunja, kudikila kuti apite. Sanafulumile. Mmodzi mtolo wake unamasuka kawili chifukwa cha kuseka.

Zomwe ndapeza lelo: misundu iwili pamwendo, malaya a mkono umodzi.

Lachinayi

Sindinafune kutuluka m'nyumba, koma ntchito. Pamsewu anyamata a njinga zamoto akudutsa akukuwa, "Bwana Beira! Chigamba chilipo?" Kasitomala mmodzi yekha, nayenso wayang'ana guluu wanga, waganiza, watenga tayala lake kupita nalo kutsidya la msewu.

Anthu ayamba kubwela kudzatsazika. Kuno munthu akamasamuka sachoka ndi zonse, aliyense amadziwa kale chomwe chimukhale bwino.

Alamu anga aYobe, achimwene a amake Tiko: pampu. "Kumeneko mukapeza ya magetsi, alamu." Ndawapatsa. Ndikanati chiyani? Kuti mwina sindipita?
Aneba: khola la nkhuku. Aliyeza kale ndi mapazi.
Amai a kwaya: abweletsa nshawa zokazinga za panjila ndi nyimbo yotsazikana. Madzi akumwa abwela ndi awo.

Sipanala yayamba kale kufiila. Masiku awili okha!

Ndalemba mbali ziwili kuti ndione bwino.

Zabwino za kunyanja: nsomba. Malole ambili, ndiye matayala ambili. Mchele sitidzagula.

Zoipa: madzi ambili koma osamwa. Mchenga sumela chimanga. Dzimbili. Mphepo zija timamva pa wailesi kuti zimanyamula madenga. Chilankhulo. Ukadwala, wachibale ndi aLuka okha, nawonso amakhala pamsewu.

Ndi ichi, chomwe sindinauze munthu. Tiko sayenda, amathamanga. Akaona madzi amavula asanafike. Tsiku lina adzathamangila kumafunde ine ndili ndi tayala m'manja. Ndidzatani? Ndidzakuwa "Mayo" katatu?

Amake Tiko agula patapata zatsopano, za buluu. Sakuzivala, akuti nza pamchenga. Akuphunzitsa Tiko kuti kumeneko moni ndi "bondiya". Tiko wapeleka bondiya kwa mbuzi zonse.

Chiyembekezo chatsala chimodzi. Amalume amakana chilichonse. Chaka chatha anandikaniza wilibala. Mailo Lachisanu akandikaniza, ine ndidzadandaula kwambili pamaso pa anthu, ndidzapukusa mutu, nkhani n'kutha bwino.

Lachisanu

Ku Nyimba pa minibasi, tambala uja wakumwa nyanja m'khwapa. Amalume aMwanza ndawapeza pakhonde akusoka nsapato.

Ndagwada, ndaomba m'manja, ndapeleka tambala, ndafotokoza. Ndaonjezela dala: mafunde aatali kuposa tchalitchi, nsomba zodya anthu, nyumba zolowa madzi mpaka pawindo. Ndanenanso kuti chipinda ndi chimodzi, ndipo mwina chilibe chitseko. Za chitseko ndangopeka.

Aika nsapato pansi. Nkhope yawala.

"Ku Beira? Atengeni! Ine ndinafika ku Dar es Salaam ndili mnyamata, mpaka lelo ndimailota nyanja. Mwana wa mlongo wanga akaone dziko."

Ndati, "Koma amalume, anawa ndi anu."

"Eya, ndi anga. N'chifukwa chake ndikuti apite."

Wilibala anakana. Anthu atatu avomela osaphethila!

Ndayesanso: "Nanga apongozi atsala ndi ndani?" Akuti aYobe alipo. "Nanga munda?" Akuti aYobe alipo. AYobe amenewa!

Potuluka amalume andiitana. "Mukabwele ndi madzi a m'nyanja m'botolo, akuti amathandiza miyendo. Ndipo musaope, ndamva kuti kusambila mwayamba kale."

Nkhani yafika ku Nyimba ine ndisanafike. Pa minibasi pobwelela ndakhala kumbuyo kwenikweni, chipewa chili pamphuno.

Tambala wapita. Chilolezo ndabwela nacho. Sindikudziwa pochiika.

Loweluka

Amake Tiko akumanga katundu. Mapoto m'thumba la feteleza, zovala za ana m'chitenje. Akuimba.

Ndazungulila nyumba kanayi. Ndanola chikwanje chomwe ndinanola kale. Ndakonza njinga yosafa. Ndasesa pakhomo mpaka aneba afunsa ngati kuli malilo.

Kenako amake Tiko ndawaitana kuseli, pa dilamu ija. Ndayamba ndi dzimbili, ndawaonetsa sipanala. Ndapita ku nkhuku, ku sopo, ku chimanga. Angondiyang'ana. Mapeto ake ndanena: "Ndikuopa madzi. Tiko akalowamo sindingamutulutse."

Kenako akuti: "Nkhuku munazifunsa. Sipanala munaifunsa. Amalume mwakawafunsa ku Nyimba. Ine?"

Zoona. Pa mndandanda wa Lolemba palibe.

Ndafunsa.

"Ine ndimafuna kukaiona."

Basi. Sanakalipe. Akanakalipa bwenzi ndapezako poyankha. Alowa m'nyumba, amasula thumba, abwezela mapoto pathandala limodzilimodzi, mosapokosela. Zovala za ana abwezela m'katoni. Patapata aziika pansi pa bedi.

Afunsa chimodzi chokha: "Mailo anthu mukawauza chiyani?"

Sindikudziwa. Ndayesa kukonza mau. Onse akuthela pamchombo.

Sondo

Lole yafika titangotuluka m'tchalitchi. Anthu atsatila kumsewu ndi zovala za Sondo: kwaya yonse, aneba, aYobe, anyamata a njinga zamoto. Apongozi aima patali pansi pa mtengo.

ALuka atsika, atambasula msana. "Katundu ali kuti, mng'ono wanga?"

Ndatsegula pakamwa. Lolemba panayankha pokha, lelo pakana.

Amake Tiko abwela kutsogolo, kamwana kumsana. "Alamu, ndine ndakana. Kamwanaka nkakang'ono, ndipo amai sindingawasiye."

Anthu ang'ung'udza. Wina kumbuyo akuti, "Akazi a masiku ano!" AYobe andigwila paphewa: "Pepani alamu, inu munakonzeka, mpaka kusambila." Ndalandila pepaniyo. Ndagwedeza mutu ngati munthu wolakwilidwa. Zamanyazi zonse za sabata ino, tiyi, chubu, kabudula, sizikufika apa.

Apongozi sananene kanthu, ngakhale kwa mtengo. Iwo anaona pomwe madzi amalekela.

ALuka aseka, akuti palibe mlandu, malowo apatsa wina. Pokwela andinong'oneza: "Ine zaka zinayi nyanja ndimaionela pawindo la lole. Ngakhale chala sindinaviikemo. Ndingafe!"

Akananena Lolemba!

Amake Tiko apempha kukwela kutsogolo pang'ono chabe. Akhala pampando, ayang'ana msewu wopita kum'mawa, agwila chitseko, atsika. Lole yapita. Tiko waikuwila bondiya mpaka yabisika.

Ndiye kodi kunyanja nkwabwino kukhala ndi banja? Sindikudziwa. Banja langa linali lokonzeka.

Zotsala:
Kutsuka dilamu.
Kupala sipanala.
Kubweza nshawa kwa kwaya, zomwe Tiko sanadye.
Kuuza aneba kuti khola likadali ndi eni ake.
Mailo m'mawa kwa aYobe, kukabweleka pampu yanga.

Amake Tiko apita kukatunga madzi. Avala patapata zija za buluu. Kuchitsime kuli kamchenga pang'ono.