Bambo Anga Atatu M'kompyuta

Lolemba

Chiperoni chakuta esiteti yonse, ngakhale fakitale sikuoneka. Koma ine mtima uli mbee! Konveta yafika pa minibasi kuchokera ku Blantyre, yokulungidwa m'thawulo. Wandibwereka ndi mnzanga wa situdiyo yeniyeni, ija ya masiponji m'makoma. Yangayi ndi chipinda chogona chokhala ndi bulangete pazenera.

Konveta ndi kabokosi kotenga mawu a pa kaseti n'kuwasandutsa manambala oti kompyuta isunge. Yotchipa imataya zina panjira. Iyi akuti siitaya kanthu, ngakhale mpweya wa woimba.

Loweruka tikutsegula chiliza cha bambo ku Kapichi. Anamwalira ndili wamng'ono, ndipo mawu awo anatsala malo amodzi okha padziko lino: kaseti imene amayi amasunga pansi pa sutikesi. Anadzijambula okha akuimba nyimbo za Chilomwe ataweruka kothyola tiyi. Chiwonongekereni wailesi yathu palibe waimvetsera. Ndalonjeza abale onse kuti Loweruka bambo aimba.

Pulani:
- Lachiwiri, kusamutsa mawu
- Lachitatu, kuchotsa phokoso
- Lachinayi, masitaring'i, kusalaza komaliza kuti zimveke bwino pa sipika iliyonse
- Lachisanu, kupuma ngati bwana

Lachiwiri

Zipangizo zonse zilipo kupatula chimodzi chaching'ono: wailesi yoseweretsera kasetiyo. Ndinaiwala bwanji? Ndili ngati munthu wagula pampu njinga alibe.

Nditaweruka ndazungulira Luchenza yense. Anyamata a m'mashopu akundifunsa kuti kaseti n'chiyani. Pomaliza ndaipeza kwa wokonza mawailesi kuseri kwa msika, pansi pa mulu wa ma TV akufa. Lamba wake wozunguza kaseti anasungunuka kalekale, wasanduka phula.

"Osadandaula bwana, tidula legeni," akutero. Wadula kamphira pa chubu cha njinga, wakakoloweka. Ikuzungulira!

Ndafika kunyumba, ndalumikiza mawaya onse, magetsi thi.

Lachitatu

Magetsi abwera. Kaseti ili ndi nkhungu, ndaipukuta ndi thonje. Ndadina batani.

Poyamba fuuu. Kenako munthu akutsokomola. Kenako mawu.

Ndakhala pansi pa simenti. Ndalira, sindibisa. Mawu aakulu, olemera, otuluka pansi pa chifuwa, osathamanga. Kodi ndine mwana wa besi yotereyi? Ndapita kugolosale kukagula sopo ndikulankhula mokhuthala, mpaka wogulitsa wandifunsa ngati ndili ndi chimfine.

Madzulo ndaitana amayi. Amvetsera mutu uli chopendeka.

"Ameneyu ndiye ndani? Bambo ako sankaimba ngati ng'ombe yomangidwa pamtengo."

Ndayang'ana m'wailesi muja. Legeni ndi yokhwefuka, kaseti ikuyenda mochedwa, n'chifukwa chake mawu atsika. Ndiye kuti misozi yonse ija ndimalirira chubu cha njinga.

Lachinayi

Ndabwerera ku Luchenza. Wokonza mawailesi wakunga legeni, wapotozanso kasikuluu ka mu mota. Tsopano bambo akuimba ngati mtsikana wa kwaya ya Sande sukulu, ndipo akuthamanga ngati awona kapitawo.

Ndaimbira mnzanga wa ku Blantyre kumuuza kuti konveta yake ili ndi vuto. Wandiseka mpaka mayunitsi atsala pang'ono kutha.

"Aise, konveta siinama. Imalemba chimene wailesi yaipatsa, yaipatsa bodza ilemba bodza mwaukhondo. Liwiro utha kulisintha pa kompyuta, koma upeze kaye chinthu m'kasetimo chimene ukudziwa kulira kwake. Gitala kaya limba. Chimenecho chikamveka bwino, madala nawo akhala m'malo."

Ndavala mahedifoni kusakasaka. Konvetayi ndi yabwinodi, ikumva zonse. Mulibe gitala, mulibe limba. Zimene zilimo:
- tambala (anadyedwa kalekale)
- mvula padenga
- khanda likulira, limene amayi akuti ndine, koma akuti makanda onse amalira chimodzimodzi
- chapatali, wezulo ya fakitale yoweruzira anthu

Wezulo! Imeneyo ilipo mpaka lero. Mawa ndikaijambula, ndiyerekeze ndi ya m'kaseti, nkhani yatha.

Masitaring'i sindinayambe. Usalaza bwanji chinthu chimene sunadziwe msinkhu wake?

Lachisanu

Tsiku lopuma ngati bwana lija ndi lino.

Ndaima pageti la fakitale foni ili m'mwamba ngati wofuna netiweki. Wezulo yalira, ndajambula. Mlonda wachikulire wandifunsa chimene ndikuchita, ndamufotokozera monyadira.

"Aaa, iyitu ndi yatsopano. Yakale ija inapita kwa ogula zitsulo inu musanamere ndevu."

Basi. Ndakonza mafayilo atatu: Bambo Wochedwa, Bambo Wapakati, Bambo Wofulumira. Asankhe eni ake amene anawadziwa.

Azakhali, mlongo wawo wa bambo, afika kuchokera ku Bvumbwe ndi dengu la kabichi. Angomva Wofulumira n'kumenya m'manja. "Ndi amenewa achimwene! Mawu awo anali akuthwa, akaitana kudambo umamva uli kumunda." Koma iwowo anasiyana ndi bambo kalekale, bambowo ali mnyamata, asanabwere kuesiteti.

Amayi asankha Wapakati. Kenako akuti bwereza. Ndabwereza. Akuti bwerezanso enawo. Kenako adzuka akuti akukatsekera nkhuku, dzuwa likadali pamwamba.

Azakhali atembenukira kwa ine. "Nanga iwe mwana wawo ukuti ndi ati?"

Ndikukumbukira magambuti awo pakhomo. Ndikukumbukira manja awo akununkha tsamba laliwisi la tiyi, ndi pepala lapulasitiki limene ankamanga m'chiuno kukagwa mvula. Zaka zonsezi ndimadziuza kuti mawu awonso ndikuwakumbukira. Sindikuwakumbukira. Zandiwawa kuposa mmene ndimayembekezera.

Ndasankha Wapakati chifukwa ali pakati, osati chifukwa china. Ndachotsa fuuu uja pang'ono, ndakweza mawu, ndasalaza mmene ndingathere.

Loweruka

Kapichi. Anthu adzaza, ena anzawo a bambo a kuesiteti afika pa kabaza. Chiliza chakongola, chopentedwa choyera. Sipika tabwereka kutchalitchi, batire ndi ya galimoto.

Sipikayo ndi yong'ambika! Ikuchita zzzz pa mawu aliwonse. Ntchito yonse ya konveta ya ku Blantyre, ukhondo wonse uja, zathera m'pepala long'ambika la m'sipika. Ndafuna kulowa pansi.

Koma bambo atangoyamba, manda onse zii. Amayi ena achikulire ayamba kuvomereza nyimboyo chapansipansi m'Chilomwe, ena alowa, mpaka mawu a bambo akumveka patalipatali m'kati mwa khamulo. Ine Chilomwe ndimangomva theka, koma tsitsi landiima.

Zimene ndauzidwa pambuyo pake:
- mdala wina amene ankathyola nawo tiyi: "Ndi iyeyo ndithu, ngati ali pompano."
- mdala wina wa gulu lomwelo: "Zabwino mwana wanga, kungoti mawu ake anali aakulupo."
- azakhali, akupukuta misozi: "Wachita bwino, koma wawachedwetsa."

Za konveta palibe ndi mmodzi yemwe wafunsa. Ndinakonzekera kufotokoza.

Amayi sanalire. Nyimbo yonse amangoyang'ana simenti ya chiliza, chala chikuyenda pa dzina la bambo.

Lamulungu

Chiperoni chabweranso. Ndakulunga konveta m'thawulo lake, mawa ikwera minibasi. Yagwira ntchito yake bwino. Chilichonse chimene chinali pa kaseti chili m'kompyuta tsopano, mpaka mvula ya chaka chimenecho. Chimene munalibemo sichikanachokera kwina. Mwina bambo anga enieni ali penapake pakati pa mafayilo atatuwa, ndipo ndavomereza kuti pamalopo sindidzapadziwa.

Pobwera kutchalitchi amayi alowa m'chipinda changa, chinthu chimene sachita kawirikawiri. Atambasula foni yawo yamabatani.

"Undiikire uja wochedwa."

Ndawakumbutsa kuti ameneyo ndi uja anati ng'ombe yomangidwa pamtengo.

"Ndikudziwa. Nanenso mawu awo andithawa, mwanawe, ndinazindikira Lachisanu. Koma ujayu sathamangira kumaliza. Amakhalitsako."

Ndawaikira. Panopa ali pakhonde akusenda nandolo, foni ili pa chitenje, bambo akuimba pang'onopang'ono. Nyimbo ikatha akuyambitsanso.