Tsiku limene ndinaveka asodzi a ku Chembe pinki

Mukadzafika ku Chembe n'kuona bambo wamkulu, wamapewa ngati chitseko, akusoka ukonde wa chilimira atavala malaya a pinki, chonde musadzamuseke. Bamboyo alibe mlandu. Mwini mlandu ndine, ndipo zonse zinayambira pa kompyuta yomwe ndinalumikiza ndekha ndi manja angawa.

Ntchito yanga ndi yokonza makadi aukwati, mapositala ndi zikwangwani za masitolo pano pa Mangochi boma. Kwa nthawi yaitali ndinkabwereka laputopu ya mnzanga, yomwe ukailamula kutsegula chithunzi umayenera kupita kaye kukasamba. Nditatolera kangachepe ndinati basi, ndigula ziwalo chimodzichimodzi, ndimange yangayanga. (Ndinali nditaonera mavidiyo ambiri pa foni, ndiye m'mutu mwangamu ndinali kale injiniya.)

Ndinapita kwa Che Bakali, amene amakonza ndi kugulitsa zamakompyuta kufupi ndi msika. Purosesa, ubongo wa makinawo, tinasankha bwino. Ramu, yothandiza makina kuthamanga, tinagwirizana. Khadi yoyendetsa zithunzi tinapeza yogwirapo kale ntchito koma yamphamvu. Mpaka apa, abale anga, ndinali munthu wanzeru.

Kenako maso anga anagwera pa bokosi loikamo zonsezi. Ayi ndithu, linali bokosi! Mbali imodzi galasi, mkatimo mafani oyaka magetsi osinthasintha ngati minibasi yatsopano.

"Ilo lisiyeni, bwana," anatero Che Bakali. "Lakuda ili ndi lotchipa, ntchito yake ndi yomweyo."

"Che Bakali, kasitomala amadya ndi maso," ndinayankha. "Akalowa n'kuona magetsiwa, sanenerera mtengo."

Ndinalipira. Nditapisanso m'thumba kuti ndigule sikirini, munali mutatsala ya kabaza ndi mandasi. Che Bakali anakanda ndevu, analowa kuseri, n'kutuluka ndi sikirini yafumbi yochokera ku ofesi ina yomwe inatsekedwa kalekale.

"Imayaka?" ndinafunsa.

"Wallahi, kuyaka imayaka. Koma..."

Zotsatira za "koma" ameneyo sindinazimve. Ndinali nditaimangirira kale pa kabaza.

Kunyumba kumanga kunayenda bwino, kupatula tisikuluwu tina totsala tomwe mpaka lero sindidziwa kwawo. Makina anayaka, mafani anavina, aneba anabwera kudzaonerera. Chokhacho, zonse pa sikirini zinkaoneka zozizira, zopita ku buluu. Chithunzi cha tomato chinkaoneka ngati biringanya. Ine ndinati mwina ndi mmene zinthu zimaonekera pa makina amphamvu. Sindinadziwe kuti mu sikiriniyo mtundu wofiira unali utatha mphamvu.

Masiku omwewo mlongo wanga wamng'ono, Lusiya, ankakonzekera ukwati ndi Yohane, mnyamata wa ku Chembe. Mwanayu sanapemphe galimoto yapamwamba kapena keke yosanjikiza. Anapempha chinthu chimodzi chokha: mbali zonse ziwiri zivale pepo, mtundu womwe malemu mayi athu ankaukonda, kuti pa chithunzi pasadziwike wakuchikazi ndi wakuchimuna.

Azakhali athu, omwe anatilera ndipo anali wapampando wa komiti, anagula nsalu ya mbali yathu n'kuigawa okha. A ku Chembe anati tiwatumizire makadi oonetsa mtunduwo, nsalu akagula kwawo. Ndiye azakhali anatulukira kwanga ndi kachidutswa ka nsalu m'manja.

"Mwanawe, ndamva wagula chimakina. Uike mtundu uwu ndendende. Usandichititse manyazi kwa asewere anga."

"Azakhali, khalani pansi, mwafika pa katswiri," ndinatero.

Ndinasankha pepo, pa sikirini panatuluka buluu. Ndinagunditsa kansalu kaja pa galasi, ndinawonjezera kufiira. Sizinafanane. Ndinawonjezeranso. Ndinapitiriza kuthira kufiira ngati munthu wothira mchere m'ndiwo ali ndi chimfine, mpaka nsalu ndi sikirini zinafanana ngati mapasa. Azakhali anavala magalasi, anasuzumira, anati, "Eya, ndi umenewu." (Mukuona, mboni ndinali nayo.)

Ntchito ndinaitumiza kwa wosindikiza. Pasanapite nthawi anandiimbira.

"Achimwene, mtunduwu ndi womwewu? Ukuwalatu kwambiri."

"Sindikizani, ine ndayeza ndi nsalu yeniyeni. Mukatha mungopatsa kondakitala wa matola a ku Chembe."

Motero makadi anapita osadutsa m'maso mwanga. Alamu anga a Yohane anawaona, anadabwa ndithu, koma mkamwini wosalowa n'komwe m'banja angatsutse za kuchikazi? Anangoti mwina komiti yasintha maganizo.

Tsiku la ukwati tinaima panja pa tchalitchi, ife tonse pepo yekhayekha, azakhali akuyenda monyadira ngati mwini boma. Tinamva nyimbo za lole ya ku Chembe ikubwera. Itangokhota pa mtengo wa mango, mayo ine! Pinki. Osati pinki wamanyazi ayi, koma pinki wofuula, wa chingamu cha ana. Amayi pinki, maduku pinki. Ndiye azibambo, asodzi a manja ngati nkhafi, onse pinki kuyambira pakhosi mpaka m'chiuno. Patsogolo pawo panali a Kaphuka, amalume a mkwati, mwini chilimira uja ndamutchula poyamba.

Azakhali anatembenuka pang'onopang'ono n'kundiyang'ana. Thukuta linandiyenda mpaka m'masokosi.

Koma zimenezo zinali zochepa. Lusiya atatsika m'galimoto anayang'ana mbali yathu, anayang'ana mbali inayo, misozi n'kutsika. Apa mtima unandipweteka zenizeni. Chinthu chimodzi chokha chomwe mwanayu anapempha, ine ndinachisinthanitsa ndi mafani oyaka.

"Achemwali, wolakwa ndine," ndinatero. "Sikirini ija..."

Ndisanamalize, a Kaphuka anafika akutulutsa khadi m'thumba la malaya.

"Wakonza khadi iyi ndani?"

Zala zonse zinaloza ine. Choyamba chinali cha mboni yanga ija.

"Ndinu? Bambo, mwatizunguza! Nsalu iyi ku Monkey Bay kunalibe, tinachita kuitanitsa ku Limbe. Ine ndinakana, ndinati msodzi savala zotere. Koma m'mawa uno akazi anga andiyang'ana kawiri. Chikwatirane sanandiyang'anepo kawiri."

Anthu anayamba kuseka chamumtima. A Kaphuka anatembenukira kwa Lusiya, anavula chipewa.

"Mwana wanga, pukuta misozi. Ife tavala izi chifukwa tinamva kuti wafuna ndiwe. Ukanati tivale masaka a usipa, tikanavala, n'kusita komwe."

Lusiya anaphulika kuseka misozi ili m'masaya, ndipo azimayi a mbali zonse anaimba nthungululu. Ku holo anthu anavina mosakanikirana, pepo ndi pinki, mpaka fumbi koboo. Azakhali anavina ndi akazi a a Kaphuka, koma ine anandiyankhula patapita masiku, ndipo mawu awo oyamba anali akuti, "Katswiri, wadzuka bwanji?"

Zithunzi zitafika, Lusiya anabwera kwanga kuti tizionere limodzi. Ndinazitsegula pa sikirini yomwe ija, chifukwa ina ndinalibe. Abale, a ku Chembe onse anatuluka atavala pepo wokongola, weniweni uja wa mayi athu. Ife a pa boma, kuyambira azakhali mpaka ine, tonse buluu.

"Achimwene, ndiye kuti muno olakwa ndife?" anafunsa Lusiya, akugwira m'mimba ndi kuseka.

Kenako anayang'anitsitsa a Kaphuka ndi anthu awo pa chithunzipo.

"Sikirini imeneyi musadzaitaye," anatero motsitsa mawu. "Ndizibwera kudzaona apongozi anga atavala mtundu wa amayi."

Sikirini yatsopano ndinagula, ndipo ndinapita kwa Che Bakali ndi tomato m'thumba kuti tiyezere. Yakaleyo ili pakona, ndimaivundikira ndi kachidutswa ka nsalu kaja, imayatsidwa Lusiya akabwera basi. Ndinaphunzira kuti wokonza zithunzi ayambe wagula poonera, zokongoletsa pambuyo. Koma mafani aja akuyakabe, ndipo ndisakunamizeni, amakongola.