Galimoto Imene Inatiphika Ine ndi Amalume

Anzanga, ine ndinabadwa wokayikira. Munthu akandimwetulira ndimayamba ndagwira m'thumba, akandipatsa moni kawiri ndimadziwa kuti pali nkhani. Ndinatengera bambo anga, amene anachoka ku Malawi kudzagwira ntchito pa fakitale ya zitsulo kuno ku Redcliff, ku Zimbabwe, ndipo ankakonda kunena kuti kapitawo akakuyamikira, uyambe waona ngati zala zako zonse zilipo. Ndiye tangoganizani munthu wotere akupita kukagula galimoto!

Ntchito yanga ndi yowotcherera zitsulo, ndimakonzera zipangizo anthu okumba golide ku Silobela, ndipo msewu wake mukuudziwa kuipa kwake. Ndinkafuna timagalimoto tating'ono totukuka tija, toti mimba yake siikhula pansi. Komanso nthawi inali itandithera, chifukwa Limbani, mwana wa mlongo wanga, anapeza mbeta ku Lower Gweru, kwa Amandebele, ndipo Loweruka lake tinayenera kukaonekera kwa makolo. Tinali titamva kale kuti bambo a mtsikanayo sankafuna kupereka mwana wawo kwa anthu a m'komboni opanda mudzi. Mawu amenewo anandiwawa, ndipo ndinalumbira kuti tikafika kumeneko ngati anthu.

Ku Kwekwe ndinapeza wogulitsa magalimoto ochokera ku Japan ali ndi atatu ofanana ngati ana a mimba imodzi, kusiyana giredi yokha: yapansi, yapakati ndi yapamwamba.

"Mudhara, tengani yapakatiyi," anatero, ponditchula madala m'Chishona. "Matayala ake ndi onenepa, ku Silobela muzipita mukuimba nyimbo. Yapamwambayo ili ndi zinthu za kumayiko achisanu, inu simukuzifuna."

Aa! Wamalonda kukana kukugulitsa chodula? Munazionapo kuti zimenezo? Ndinaizungulira yapakatiyo, kuigogoda, kununkhiza injini, kusuzumira kunsi, vuto osalipeza, ndipo kusalipezako n'kumene kunandiopsa kwambiri. Ndinadziuza kuti yapamwambayo wasungira mnzake wogula golide, ine akufuna anditayire chiphakasa chopakidwa penti. Basi ndinaloza yapamwambayo, ya mipando yachikopa ndi matayala opyapyala, mabatani ali mbwee paliponse. Atati andionetse ntchito ya batani lililonse ndinamugwira dzanja, poganiza kuti akufuna adine penapake kuti chilema chibisale mpaka nditatuluka pageti.

"Usakhudze kanthu, shamwari. Ndinayamba kuyendetsa iwe usanamere mano."

Loweruka m'mawa ndinaipukuta mkati monse ndi kansalu, batani ndi batani, mpaka inawala. Unali mwezi wa Okutobala, dzuwa loswa mtengo. Kutsogolo ndinakhazika amalume anga a Nkhoma, mkulu wa mpingo, amene ankakatilankhulira, atavala suti yawo yotuwa ya pa mgonero. Kumbuyo kunakhala mayi a kunyumba ndi mlongo wanga, mayi ake a Limbani. Tikunyamuka, neba wanga anasisita denga la galimoto n'kundiyamikira m'Chishona, "Makorokoto, mwagula chinthu!" Ndinamuthokoza, koma dzanja lakelo ndinalisunga mumtima.

Tisanapite patali ndinamva kufunda pamene ndinakhalira. Ndinati ndi dzuwa, koma dzuwa linayamba liti kulowera kunsi? Kufunda kuja kunasanduka kutentha, kutentha n'kusanduka moto weniweni, ngati ndakhalira chiwaya cha tchipisi. Ndinayamba kukayikira tsabola wa dzulo, kenako matenda a shuga, kenako ndinakumbukira dzanja la neba lija. Basi, wandikonza! Ndinatsamira uku, ndinatsamira uko, osaphula kanthu.

Kuyang'ana cham'mbali, amalume nawo akutakataka, thukuta lili kamukamu, atagwira chogwirira cha pamwamba pa chitseko kuti adzinyamule pang'ono. Koma mukanayamba bwanji kunena? Kwathu sutchula malo amenewo pamaso pa amalume ako, ndipo amalume sangawatchule kumbuyo kuli azimayi. Ndiye tinkangopsa mwaulemu.

"Kwatentha lero, malume."

"Eee, muzukuru. Mvula ili pafupi," anayankha, ponditchula mwana wa mlongo wawo m'Chishona.

Kumbuyo azimayi akuti, "Ife tili bwinobwino, kamphepo kake kokoma." Apo ndinayamba kukayikira ngakhale mkazi wanga. Moto wanji wosankha amuna okhaokha?

Titadutsa Gweru, amalume anati ndiime akaone tchire, ndipo anandikodola kuti ndiwatsatire. Kuseri kwa chitsamba anandinong'oneza, "Muzukuru, anthu awa atitchera, sakufuna tifike." Ine ndinati ndi neba, iwo anati ndi akuchikazi, koma tinagwirizana chimodzi, chakuti moto uzimitsidwe. Ndinatsegula boneti, injini ili bwinobwino. Amalume anapemphera mwachidule, ine n'kutenga chigubu cha madzi n'kukhuthulira pa mipando iwiri ija, azimayi ndawauza kuti ndikuchotsa fumbi. Anthu inu, chikopa sichimwa madzi! Anangodikha pakati pa mpando, ife n'kukhalapo chifukwa nthawi inali itatha. Poyamba kunali kuzizira kokoma mpaka amalume anayamba kuimba nyimbo yothokoza, koma posakhalitsa nyimbo inaduka, madzi aja ayamba kufunda. Tsopano sitinkapsanso ayi, tinkaphikidwa.

Tinafika mochedwa, abale a mtsikana atakhala kale pabwalo, bambo ake pa mpando pakati, nkhope ili gwa. Alendo amayenera kutsika, kuyenda pang'onopang'ono aliyense akuwaona, kenako kunjuta n'kupereka moni. Tinatsika. Amuna awiri akuluakulu, mathalauza atanyowa kumbuyo konse mpaka m'mawondo, ya amalume yotuwa ija ikuonetsa bwino kuposa yanga. Tinayesa kuyenda cham'mbali ngati nkhanu, koma anthu anali mbali zonse. Mlongo wanga anadziphimba kumaso ndi chitenje, ndipo Limbani, amene anatsogola n'kumatidikira pageti, anangoti, "Malume, mwandipha." Kunena zoona mtima wanga unasweka, chifukwa mwanayo anandikhulupirira.

Manyazi anasanduka mkwiyo. Ndinatulutsa foni n'kuimbira wogulitsa uja, ndipo ndinaikweza mawu dala kuti pakhale mboni za utambwali wake. Tinkalankhula Chishona, chimene Amandebele akumeneko amachimvanso, choncho aliyense pabwalopo anamva.

"Iwe, wandigulitsa galimoto yolodzedwa! Yatiwotcha msewu wonse!"

"Yakuwotchani pati, mudhara?"

Ndinayang'ana amalume, iwo anayang'ana kumwamba. "Pokhalira," ndinatero motsitsa.

"Pafupi ndi giya pali mabatani awiri ojambulidwa mpando. Akuyaka?"

Ndinakasuzumira. Ankayaka, ofiira psuu, ndipo anawadina si neba, si akuchikazi, koma ine ndi kansalu kanga kaja.

"Ndi zofunditsa mipando izo, za chisanu cha ku Japan. Ndi zomwe ndinkati simukuzifuna zija, mudhara."

Bambo a mtsikana anaseka mpaka kutsokomola, chipewa n'kugwa pansi, bwalo lonse n'kutsatira. Ine ndinangofuna nthaka itseguke. Atapuma, bambowo anafunsa chifukwa chake sitinauzane msanga m'galimotomo, ndipo amalume, ataweramitsa mutu, anayankha kuti munali azimayi. Mkulu uja anasiya kuseka, n'kutiyang'ana nthawi yaitali.

"Amuna opsa kuchokera ku Redcliff mpaka kuno, osatulutsa mawu oipa pamaso pa akazi? Mwana wanga akakhala bwino kumeneko. Apatseni mphasa alendowa, koma muyale padzuwa, ayambe auma."

Limbani anakwatira, ndipo banja lake lili bwino. Amalume mpaka lero akakwera galimoto yanga amakhala kumbuyo ndi azimayi, matayala opyapyala aja amaphulika ulendo uliwonse wa ku Silobela, ndipo ku Lower Gweru dzina langa lenileni palibe akulikumbukira, ndine Malume Owiritsa basi. Ndinalumbira kuti wamalonda akadzandiuzanso kuti tengani yapakati, ndidzatenga yapakati, mabatani onse andionetse ine nditapinda manja. Chimodzi chokha chimandivutabe mumtima. Munthu uja anandilola bwanji kutuluka pageti akumwetulira choncho, ngati sankadziwa kuti Loweruka ndikaphika amalume?