Ndani Atenge Galu wa a Madamu?

Lolemba

A Madamu akubwerera kwawo ku Ulaya Loweruka. Zaka zinayi atsogolera kabungwe kathu ka mbaula zosafuka utsi pano pa Nkope. Mbaulazo sizifukadi utsi, poti palibe amene waziyatsapo.

Akusiya galimoto (ndi ya bungwe), mabuku (palibe akuwafuna), ndi Bisiketi.

Bisiketi ndi galu. Ubweya mpaka m'maso, timiyendo ngati ta mpando wa ana, amaopa nkhuku. Dokotala wa ziweto akuti pandege sangakwere chifukwa mtima wake ndi wofooka. Galu wa matenda a mtima! Ku Mangochi kuno!

Ntchito yanga sabata ino: kumupezera "banja lomukonda." Zaka zinayi ku koleji, digiri ya chitukuko cha kumidzi, lero ndine nkhoswe ya galu.

A Madamu anena akumwetulira: "Munthu akapanda kupezeka, umusunga iwe kaye." Kaye wa a Madamu ndimamudziwa. Pulojekiti ino inalinso ya miyezi isanu ndi umodzi.

Vuto ndi ili. Ndimachita lendi kwa Che Amidu. Nyumba ya malata, mpope pakhomo, mthunzi wa mango, kuyenda pang'ono wafika ku ofesi. Ina yotere kuno kulibe. Tsiku lolowa anandipatsa lamulo limodzi lokha: "Mwanangu, mphaka bwera naye, ngakhale mbuzi. Galu ayi, kwa ife Asilamu ndi wodetsedwa. Pampope apa timasambirapo tisanaswali."

Ndiye galu apeze mwini pofika Loweruka, apo ayi ine ndipeze nyumba.

Ndamata chidziwitso pa ofesi ndi pamsika. Masiku asanu ndi ambiri. Ndili phee.

Lachiwiri

7 koloko m'mawa. Mzere pakhomo pa ofesi mpaka kumsewu! Aliyense chitupa cha unzika m'manja. Mbiri yayenda kuti bungwe layamba kalembera.

Mafunso omwe ndayankha ndisanamwe tiyi:
– Kodi ndi wopatsirana ngati mbuzi zija? Akaswa tipereke mwana kwa mnzathu? (Ndi wamphongo. Anamufulanso.)
– Mudzi uliwonse ulandira agalu angati?
– Maphunziro ake ndi a masiku angati? Chamasana chilipo?
– Matisheti afika liti?

Mayi wina: "Ine galu sindikumufuna, achemwali. Dzina langa lingolembedwa basi, mwina mawa kubwera zina."

Ndakwera pampando, ndalengeza kuti galu ndi mmodzi, tisheti palibe. Mzere wasungunuka ngati mafuta pamoto. Atsala anayi.

A Madamu andipatsa pepala la mafunso khumi ndi awiri oti tikawafunse anayiwo mawa. Funso lachitatu: "Galu akakhumudwa mumtima mudzadziwa bwanji?" Akuti ndimasulire m'Chichewa ndi m'Chiyao. Chichewa chayesetsa. Chiyao chakaniratu.

Lachitatu

Tsiku la mafunso. A Madamu pampando, Bisiketi pamiyendo pawo, ine pakati womasulira.

Oyamba: a Barnaba, msodzi. Akufuna mlonda wa pathandala pomwe amayanikapo usipa. Ali mkati mofotokoza, tambala walira kuseri. Bisiketi uyo pansi pa siketi ya a Madamu. A Barnaba atola chipewa: "Mlondayu afunika mlonda wake."

Achiwiri: mlimi wa ku Chowe, anyani amuthera chimanga. Funso: galu azigona kuti? "Kumunda. Nanga anyani amabwera kuchipinda?" A Madamu atseka makutu a Bisiketi ndi manja.

Achitatu: a Fernando, amalonda a ku Chiponde, abwera panjinga yamoto ndi dengu lonyamulira. Afunsa okha kuti amadya chiyani. Yankho: nkhuku yowiritsa yochotsa mafupa, mpunga, ndi timafuta ta nsomba ta m'kabotolo. A Fernando ayang'ana dengu lawo. Kenako kwa ine: "Tawafunseni, iyeyu akadzamwalira malo ake adzalengeza?"

Sindinamasulire.

Achinayi: Mayi Edina, amasiye, a chigwirizano cha amayi ku tchalitchi cha Angilikani. Mpanda wa bango, pakhomo posesa, mawu ofatsa. Bisiketi watsika yekha n'kuwanyambita chala chakumwendo. Ndiye awa! Mtima wanga wayamba kuvina. Mafunso khumi ndi limodzi adutsa bwinobwino. Lomaliza: "Kwa inu, galu ndi ndani?"

Mayi Edina ayang'ana ine, ayang'ana a Madamu. "Ndi galu."

Ndikanakonza pomasulira. Koma liwu lakuti galu a Madamu amalidziwa. Lili m'gulu la mawu asanu ndi anayi omwe aphunzira m'zaka zinayi.

Onse alephera.

Lachinayi

Chiyembekezo chatsala kwa anzawo a Madamu. Lachinayi lililonse azungu a m'mbali mwa nyanja amakumana pa loji ina kudya chamasana ndi kudandaula za magetsi. Ndapita nawo, wonyamula mbale ya Bisiketi.

Onse amamukonda! Akumupsompsona pamphuno. Akumulankhula ngati khanda. Ine andifunsanso dzina, kachisanu chaka chino.

Omutenga:
– Bambo wandevu wokumba zitsime: ali ndi amphaka atatu "opulumutsidwa," akuti angakhumudwe.
– Atsikana awiri odzipereka ku sukulu ya mkaka: akubwerera kwawo mwezi wamawa. Akuti Malawi wasintha moyo wawo wonse. Akhala milungu isanu.
– Mayi a pulojekiti ya atsikana: ubweya umawayetsemulitsa. Anena izi galu ali pachifuwa pawo.
– Mwini loji: agalu ake awiri akuluakulu akuyang'ana Bisiketi ngati ndiwo.

Agwirizana chimodzi. Atsegula gulu la pafoni, "Abwenzi a Bisiketi," ndipo andiikamo. Pofika madzulo foni yadzaza timitima tofiira. Nyumba palibe ngakhale imodzi.

Che Amidu andipeza pampope. "Mwanangu, tamva ukuyenda ndi galu pagalimoto."

"Ndi za kuntchito chabe, bambo."

"Za kuntchito zizikhala kuntchito."

Lachisanu

Ndadzuka ndi nzeru. Nanga si ine ndimaphunzitsa anthu zoyankha alendo a bungwe akabwera kudzayendera? Zaka zinayi, sipanalakwikepo.

Ndakumana ndi Mayi Edina kuseri kwa tchalitchi. Maphunziro a ola limodzi. Yankho loloweza: "Galu ndi m'bale wanga, azigona m'nyumba, sindidzamumanga chingwe." Ndawonjezera kuti ponena agwire pamtima. Agwira.

Cholakwa changa: amayi a kwaya amasesa pafupi. Tsache linasiya kumveka, ine osazindikira.

2 koloko. A Madamu avomera kupereka mwayi wachiwiri. Pakhomo anthu asanu ndi awiri! Mbiri yatsopano ikuti wotenga galu atenganso kafiliji kosungira nkhuku zake.

Woyamba, dzanja pamtima: "Galu ndi m'bale wanga, azigona m'nyumba, sindidzamumanga chingwe." A Madamu misozi mbwembwembwe.

Wachiwiri, mawu omwewo. Misozi yachepa.

Wachitatu, omwewo. A Madamu asiya kulemba.

Achisanu, bambo achikulire ogontha khutu limodzi, sanadikire funso. Alowa dzanja lili kale pamtima, ayambira pakhomo.

Mayi Edina alowa achisanu ndi chimodzi. Anena bwino kuposa onse, ndipo ndi okhawo amene galuyo akanamusamaladi. A Madamu atseka faelo.

"Ndani wawaphunzitsa?"

Ndakweza chala.

Ndimadikira kukalipiridwa, mwina kalata yochenjeza. M'malo mwake andikumbatira. Nthawi yaitali. Sindikuzikonda izi.

Loweruka

Phwando lotsanzikana. Mipando ya pulasitiki, zakumwa zofunda, zolankhula. A Madamu akuti aphunzira zambiri kwa ife, makamaka kumwetulira tilibe kanthu. Tikumwetulira.

Kenako andiitana kutsogolo.

Akuti sabata yonse amafunafuna kutali, chonsecho munthu amene wavutikira Bisiketi mpaka kunama anali pambali pawo. Kunama chifukwa cha chikondi! Anthu m'manja! Bambo wa zitsime akujambula. Ndatsegula pakamwa kuti ndinene za Che Amidu. A Madamu chala pamlomo panga: "Usathokoze, ndilira."

Ndalandira:
– galu
– matiresi ake (okhuthala kuposa anga)
– neti yake
– mapiritsi a mtima
– burashi ya mano
– lamulo lotumiza chithunzi pagulu tsiku lililonse

Kafiliji atenga mayi oyetsemula aja.

Galimoto itangokhota, liwiro kwa Mayi Edina. "Mayi, tengani. Eniake apita, palibenso mafunso."

Apinda manja. "Ayi, mwana iwe. Dzulo ndinanena pamaso pa anthu kuti galu ndi m'bale wanga. Abale anga enieni amva. Achimwene anga sakundiyankha moni."

Bisiketi ndamutsekera mu ofesi. Azikhala kumeneko, ine kwathu. Za kuntchito kuntchito. Pobwerera ndikumumva akulira mpaka pamsika. Mtima wofooka, koma mapapo ali bwino.

Lamulungu

M'mawa ndapita kukamupatsa piritsi. Wameza, ndatseka, ndanyamuka. Chitseko cha ofesi chili ndi mpata pansi. Zaka zinayi ndakhala ndikulemba kuti chikonzedwe.

Ndafika kunyumba, ndikutembenuka, uyo kumbuyo kwanga lilime panja. Wandidutsa, walunjika pampope, wayamba kunyambita. Che Amidu ali pakhonde ndi tiyi.

Sanakweze mawu. Aika kapu pansi bwinobwino. "Mwanangu, takhala bwino. Sindinakumvepo phokoso ngakhale tsiku limodzi. Pita ndi mtendere."

Munthu ananena kale.

Kuseri kwa ofesi kuli kachipinda kopanda zenera. Kwathu tsopano ndi komweko. Che Amidu andibwereka ngolo yawo yokankha, andithandizanso kumanga mapoto.

Masana mchenga wapsa. Bisiketi wakana kuponda. Wakweza mwendo uwu, wakweza uwo, wandiyang'ana. Ndamunyamula, ndamuika pamwamba pa katundu.

Che Amidu ayang'ana ngolo yawo, ausa moyo. "Ukatha uitsuke kasanu ndi kawiri. Koyamba ndi dothi."

Msewu wopita ku ofesi ndi umodzi wokha, ndipo mapemphero angotha. Anthu onse ali panja, zovala zawo zabwino.

Iye wakwera. Ine ndikukankha.