Kuyeza Mvula ndi Miphika ya Mayi a Zuze

Lolemba
Mbewu ya mapira yatsala dengu limodzi basi. Ndikabzala polakwika, Zuze wanga adya chiyani akasiya bere? Mvula ya kuno ndi yatsankho: kumapiri a Thyolo ikugwa, ife kuno kwa Makhuwira tikungoionera patali. Ku boma ndinaona mzungu akuyeza mvula m'kachitini. Inenso ndiyeza! Miphika inayi: kumunda wa kumtunda, kudimba, pafupi ndi mlambe, patsinde pa phiri. Umene udzale kwambiri, ndibzala pomwepo.

Lachiwiri
Mayi a Zuze akusaka miphika yawo. "Bambo a Zuze, madzi nditungire m'manja?" Ndafotokoza zonse bwinobwino. Aseka mpaka mwana kumsana wadzuka. Wakumtunda akatenga okha. Yatsala itatu.

Lachitatu
Kamvula kawaza! Ndikuthamangira kudimba ndi kabango koyezera. Ndapeza: mapale, ndowe, mapazi a mvuu. Mvuu yayeza isanafike nthawi yanga.

Lachinayi
Wa pamlambe wadzaza mpaka pakamwa! Kumwamba kulibe ngakhale kamtambo, koma wadzaza! Kabango kamira konse. Ndavina ndekha. Tsiku lonse ndikulambula pamenepo, manja matuza okhaokha. Zuze, udzanenepa iwe!

Lachisanu
Mvula ija ikununkha chimera. Ndalawa. Ndi mowa. Akuluakulu ataona mphika patsinde pa mtengo anayesa ndi wa nsembe, aliyense akuthiramo chikho chake. Apongozi aamuna akuuza mudzi wonse: "Mkamwini wathuyu timamuyesa wopepera, kani amakumbukira mizimu!" Ndangowomba m'manja. 

Loweruka
Ulendo wa kuphiri, dzuwa lili pamutu. Mphika ulipo, wathunthu! M'katimo muli chule, madzi awuma. Munthu wotsika ku Thyolo akuti kwawo yagwa sabata yonse, akuitukwana. Ndamupempha atigawireko. Akuti ndikatenge ndekha.

Lamulungu
Yagwa! Kumtunda, kudimba, pamlambe, ponseponse, yamphamvu. Miphika yotsala ndinabweza kunyumba, yonse ili pakhonde, choyezera ndilibe. Anthu akubwera kudzandithokoza kuti nsembe yanga yalandiridwa, wina wabweretsa nkhuku. Mayi a Zuze atulutsa dengu la mbewu, akuti mawa m'mamawa tikabzala kumtunda, kumene amayi awo amabzala chaka ndi chaka. Ndafunsa kuti akudziwa bwanji kuti kumeneko imagwa yokwana. "Tinakula ndi chiyani ife?" Chabwino. Ine ndikunola khasu, Zuze akumenya matope ndi timanja take.