Nkhumba Yodikira Ana Anga

Amene akuti ndikunama adzuke pabenchipo, tikwere limodzi mtunda wa ku Lobi akadzionere yekha. Inu aphunzitsi a jekete, ndakuonani mukubisa mano kuseri kwa botolo. Sekani. Mvulayi sikata msanga, basi ya ku Lilongwe nayo sinatulukire, ndiye khalani pompano pakhonde la golosale mumve za ine Gelevazio, munthu amene ndinaweta nkhumba mpaka bambo mfumu anachita kubwera kudzaidalitsa poiyesa phiri.

Kwathu tili ndi mwambo umene tinaukhazikitsa ndi malemu mkazi wanga aNaphiri. Nkhumba ya Khirisimasi siphedwa mpaka ana onse atafika, aliyense agwire mwendo wake, ine ndibaye. Ana tinabereka anayi, nkhumba ili ndi miyendo inayi, Mulungu anachita kulinganiza yekha. Mwendo umene wagwira ndi umene unyamule pobwerera ku tauni. Masiku amenewo pakhomo panga pankadzaza moti nsapato za adzukulu zinkaunjikana ngati chulu, ena ankagona m'nkhokwe, ena pamwamba pa matumba a nyemba, tikati tiyimbe nyimbo ya kubadwa kwa Ambuye nkhungu inkachita kuthawa m'phiri la Chongoni, mpunga tinkapakula ndi fosholo, tiyi tinkatakasa ndi khasu. Mukumva?

Zinasokonekera chaka chija tinavota zipani zambiri koyamba. Sitefano, mwana wanga wachisamba, kalaliki wa ku Lilongwe, anabwera atavala malaya a chipani china; mng'ono wake Patirisi, mphunzitsi ku Kasungu, anabwera ndi a chipani chinanso. Nkhumba tagwetsa, alongo awo agwira miyendo yakutsogolo, iwo yakumbuyo, mpeni uli m'manja mwanga, basi mkangano buu. Sitefano anasiya mwendo kuti amuloze mnzake chala. Nkhumba inaponda Patirisi pachifuwa, n'kulowa m'chimanga. Kutacha onse ananyamuka osamwa ndi tiyi yemwe, mlongo wina kutsata uyu, wina kutsata uyo. ANaphiri anangoti, "Bambo, musaiphe mpaka adzagwirenso onse." Anatisiya nyemba zisanakhwime, ndipo pamaliro pawo anyamatawo anaima wina uku, wina uko kwa manda.

Mawu a munthu wakufa sawoloka. Nkhumba ija ndinaisunga, ndipo inayamba kukula. Chaka choyamba inaphwasula khola ndi msana, chachiwiri inamaliza gaga yense wa pachigayo cha Lobi n'kunyambita ndi mwini chigayo yemwe chifukwa anali mbuu ndi ufa, ikati idzikande paphiri miyala inkagubuduka mpaka pamsewu wa tala uno, pomwe yaponda pankatuluka madzi, ndipo madimba a kabichi amene mukudyawa ndi mapazi ake amenewo, ikaliza mkonono belu la kutchalitchi linkalira lokha, akhristu n'kumathamangira ku Misa Lachiwiri. Ndikulumbira pali malemu amayi. Anthu onse ankaiopa, koma ine ndinkaigwira khutu ndi dzanja limodzi, linalo ndikusuta fodya. Ndinaimangirira khasu kumchira, tinaunga mizere kuchokera kwathu mpaka kunkhalango ya Chongoni mame asanakamuke, pobwerera ine ndikubzala, iyo ikuthira manyowa.

Tsiku lina ndinati ana awa sakubwera chifukwa sakudziwa kukula kwa miyendo imene ikuwadikira. Ndinaikwera pamsana, chipewa kumutu, korona m'khosi, tinadutsa pano pa Linthipe mphepo yake n'kuulutsa tomato wa mumsika yense, tinapitirira malole a fodya ngati aima, apolisi a pamsewu anatsegula okha chotchinga n'kumenya sawatcha, mlatho unapindika ngati uta ife titadutsa. Pageti pa Sitefano inalira kamodzi kokha, malata a nyumba zoyandikana n'kusasuka onse. Anatuluka mlonda. Anati, "Bwana ali ku msonkhano, agogo, mubwere tsiku lina." Katani la pazenera ndinaliona likugwedezeka. Ndinaikoka khutu, tinabwerako pang'onopang'ono, ndipo njira ija inatalika.

Mukumva? Ine amene ndingathe kunyamula golosale ino ndi inu nomwe muli momwemo, kusonkhanitsa ana anayi pa nkhumba imodzi kwandikanika. Zimandiwawa, sindibisa. Madzulo ndimayala mphasa ziwiri mwachizolowezi, kenako n'kupinda imodzi.

Dikirani, iyo basi ija. Tasunthani pang'ono ndione bwino. Uyo wa sutikesi si Sitefano, wafupika. Mayi wa mwana kumsanayo si wathu. Yatseka chitseko.

Palibe kanthu, ya ku Blantyre ikubwera, mwina atsikana ali m'menemo. Khirisimasi ndi mawa, mpata ulipo.

Aphunzitsi, mwasiya kuseka bwanji? Mukuti mukwera nane ku Lobi? Musavutike, mtundawo ndi woterera. Ndiponso mukaipeza yachepako masiku ano. Yakalamba. Mano anatha, nthiti zikuoneka, chimanga chimaikanika kutafuna, ndiye ndimaphika phala m'mawa, langa m'mbale, lake m'beseni, timamwa titayang'anizana. Ndikaiuza kuti mvula yachedwa imayankha. Ndikaiuza za aNaphiri imagoneka mutu pamapazi anga. Ogula nyama a pano anabwera, ataiona anangopukusa mitu.

Koma ana akabwera onse ndiibaya, mawu anga ndi amodzi, ndipo dzanja la Gelevazio silinanjenjemerepo. Adzadya, adzaimba, adzukulu adzadzaza m'nkhokwe. Pa Nyuwere aliyense adzanyamula mwendo wake n'kukwera basi. N'chifukwa chake basi ikaima pano mtima umagunda pawiri: ndimapempha kuti atsike, ndimapemphanso kuti asatsike. Iwo akadzapita ndi miyendo inayi ija, m'mawa mwake ndidzadzutsa yani?