Jombo Zomwezo, Mapazi Ena

Lolemba

Ndayamba! Malo: pakamtsinje kodula msewu wafumbi wochoka ku Petauke kulowera ku Kaumbwe. Kontilakita wa ku Nyimba akukumbitsa ngalande yakuya yoikamo mapaipi a simenti, ine boma landituma kuti ndizionetsetsa kuti aganyu ake asavulale. Anthu andipatsa kale dzina, akuti a Zaumoyo. Likundikomera.

Loweruka kukubwera bwana wamkulu wa ku Chipata. Sitinaonanepo, anandilemba ntchito pakalata. Akapeza aganyu akudziwa kudziteteza, miyezi yanga yoyesedwa yatha, ndipo nyumba ya boma ija yamalata ndi yanga. Esinati ndi mwana achoka ku Lusaka, abwera kuno. Akapeza zosokonekera, ndipitiriza kugona m'kachipinda kakuseri kwa chigayo, Esinati apitiriza kukhala kwa amayi ake, amene mpaka lero amauza anthu kuti mwana wawo anakwatiwa ndi munthu wopanda ndi mpando womwe.

Choncho dongosolo nali:

Lero: kugawa jombo ndi zisoti.
Lachiwiri: makwerero ndi chingwe, ndi mmene tingatulutsire munthu wogwera m'ngalande.
Lachitatu: matabwa otchinjiriza zipupa za ngalande.
Lachinayi: simenti, kuti isalowe m'maso ndi kudya manja.
Lachisanu: kubwereza zonse.
Loweruka: kuwomberedwa m'manja.

Aliyense ndamuyeza phazi ndekha, chogwada. A Lungu, munthu wamtali ngati mlongoti wa mbendera, atenga jombo zazikulu kuposa zonse. Onse akumvetsera bwino, akugwedeza mitu. Kapitawo wawo, a Mwanza, akuti, “Mwaphunzitsa bwino, bambo, ngati ansembe.” Anthu abwino bwanji! Amene amati ntchito ya kuno ndi yovuta ndi aulesi chabe.

Lachiwiri

Mvula yagwa. Fungo la dothi lonyowa mpaka m'kachipinda kanga, lapambana ndi la gaga lomwe.

Ndikuitana mayina. “A Lungu!” Akuyankha munthu wamfupi, wonenepa, jombo zikumufika m'ntchafu. Akuyenda ngati wavala mitondo.

“Ndine Lungu wa lelo, bambo. Amalume ali ku munda kwa apongozi awo, mvula siyembekeza.”

Ndikuyang'ana mzere wonse. Mayo ine! A Phiri a dzulo anali ndi ndevu, a lero alibe. A Banda achepa msinkhu. A Tembo atalika, ndipo jombo azikoleka m'khosi chifukwa sizikulowa. Nkhope zimene ndikuzidziwa ndi za a Mwanza ndi galu wawo basi.

A Mwanza sakuona chodabwitsa chilichonse. “Kuno nchito ikapezeka ni ya banja lonse, a Zaumoyo. Mkamwini angakane munda wa apongozi? Atuma msuweni, dzina isafe.”

Dzina lisafe! Nanga munthuyo?

Ndayambiranso phunziro la dzulo kwa anthu a lero. Phunziro la lero ndalipanikiza kumapeto: wina akagwera m'ngalande, osadumphiramo nonse, mmodzi aponye chingwe, wina atsitse makwerero, ena akhale kutali ndi m'mphepete. Akugwedeza mitu. Tsopano kugwedeza mitu kukundiopsa.

Ndawapempha mwaulemu kuti mawa abwere okha okhawa. Onse avomera.

Lachitatu

Palibe ndi mmodzi yemwe wa dzulo. Palibenso wa Lolemba.

Zimene ndaona m'mawa uno:

A Lungu achitatu, mnyamata wokwatira kumene, aika masanza m'jombo kuti zisavuke.
Abale awiri a kwa Banda abwera onse, agawana jombo, aliyense phazi limodzi.
Chisoti cha a Phiri chatsala kumudzi. Akuti mwini wake wa Lolemba wapita nacho kumunda, akuopa matalala.

Kontilakita watulukira ndi kagalimoto kake, wabweretsa matabwa osakwana ndi theka lomwe la ngalande. Ndamudandaulira za anthu osinthasinthawa. Sanazimitse ndi injini yomwe. “Ine nimawelenga mitu, bambo, osati nkhope. Mitu yakwana?” Yakwana. Wapita.

Masana ndapalasa njinga mpaka ku boma. Kalaliki akuti aganyu si a boma, ndi a kontilakita. Kontilakita anati si ake, ndi a kapitawo. Kapitawo akuti ndi a mabanja awo. Ndiye kuti wina akakwiririka ndi dothi, adzakhala wa ine ndekha. Izi zandikhumudwitsa kwambiri, ndipo ndabwerera osadya.

Komabe lero ndapeza wophunzira weniweni. A Tembo a lero ndi mkulu wopanda mano akutsogolo, malume wa a Tembo a Lolemba, amene amaimbitsa kwaya kutchalitchi. Chilichonse ndinganene akubwereza pambuyo panga mokweza, ngati katekisimu. Ndikatsokomola pang'ono ndisanayambe mfundo, nawonso akutsokomola. Sindikudziwa ngati ndi ulemu kapena akundiseka.

Nzeru zandibwerera chakumadzulo! M'bokosi langa la mankhwala muli botolo la mankhwala ofiirira aja opaka pazilonda, amene sachoka msanga. Aliyense amene wamva phunziro ndamupaka pachala chachikulu. Kuyambira mawa, wopanda chala chofiirira salowa m'ngalande. Tione tsopano.

Lachinayi

Wapampando wa chipani walengeza kuti amuna onse akandande kumsewu waphula, makadi a chipani m'thumba, kukaimika manja kwa mlendo wamkulu wopita ku Chipata. Ndafunsa ngati aganyu anga angatsale. Wandiyang'ana nthawi yaitali, n'kundifunsa ngati ine ndili nayo kadi. Ndili nayo. Nkhani yathera pomwepo.

Ndiye ndafika pangalande ndikuyembekeza kupeza galu yekha. Ndapeza mzere wathunthu, jombo, zisoti, zonse. Azimayi!

“A Lungu?” Akuyankha mayi wa mwana kumsana, chisoti pamwamba pa duku. “Nilipo, bambo. Fosholo ili kuti?”

Ayi, ayi, ayi. Ndakana. M'ngalande simulowa munthu wobereka mwana, ngakhale kontilakita awerenge mitu iwiri. Ndawakhazika pansi pa mtengo, ndaphunzitsa zonse kuyambira za Lolemba, n'kuwonjeza za simenti. Chodabwitsa, awa sakugwedeza mitu, akufunsa mafunso. Chifukwa chiyani matabwa ali mbali imodzi yokha? Munthu akathyoka mwendo, alipira kuchipatala ndani? Mayi wina wa kwa Phiri akuti, “Manje mwamuna wanga akalowa alibe chisoti, nimumane chani kunyumba?” Aseka mpaka kugwirana mapewa. Ine ndayang'ana m'bokosi la mankhwala ngati ndataya kanthu.

Amuna abwera dzuwa litapendeka, atapsa, ali ndi ludzu. Akuti mlendo wadutsa mwaliwiro, mawindo otseka.

Ndalembera Esinati kalata. Ndamuuza kuti zonse zikuyenda bwino. Ndamusowa kwambiri, ndipo mwana akuyamba kukwawa ine kulibe.

Lachisanu

Ndikulemba ndili chagada, pabedi la chipatala cha mishoni ku Minga.

Tiyambe ndi m'mawa. Ndavala chijasi changa choyera, chimene ndimasungira masiku akuluakulu, kuti tiyeserere za mawa. Ndikuti, “Zala m'mwamba!” Zala zonse zofiirira. Mtima wanga myaa. Kenako ndikuyang'ana nkhope. Zatsopano zokhazokha!

“Tinamvela kuti pafunika chala cha mtundu uyu, bambo, ndiye tapempha inki kwa ana a sukulu.”

Wina wapaka zala zonse kuti asalakwitse.

Apa ndiye ndapsa mtima. Ndakuwa. Ndanena kuti ine sindinabwere kuno kudzaphunzitsa boma lonse la Petauke mmodzimmodzi. Ndanena kuti dothi likanyowa silisankha Lungu wa Lolemba kapena wa Lachisanu. Ndayenda mpaka m'mphepete mwa ngalande, mbali yopanda matabwa ija, kuti ndiwaonetse bwinobwino. “Apa,” ndikutero, ndikuponda mwamphamvu, “apa munthu wanzeru saimapo!”

Zoonadi saimapo.

Thope m'kamwa, thope m'makutu, phazi lapindikira kumene silipindikira. Ndili pansipo ndikudikira kuti gulu lonse lindidumphire pamutu. Koma ayi. Ndikumva mawu pamwamba: “Osadumphila! Chingwe! Iwe, makwelelo! Enanu kutali!” Anthu amene sindinawaonepo chibadwire, akuchita ndendende zimene ndinaphunzitsa asuweni awo Lachiwiri. Akuti akazi awo anawalongosolera dzulo, ena anamva kwa alamu awo kumunda.

Anditulutsa bwinobwino ngati dzira. Andikweza pawilibala mpaka kumsewu, kenako pangolo. Chijasi andivula, akuti akachapa.

Asisitere akuti fupa silinathyoke, ndangobinya, koma ndisaponde pansi mpaka sabata yamawa. Ndawauza za bwana wa ku Chipata. Andiyika chopimira kutentha m'kamwa kuti ndikhale chete.

Nyumba yapita. Bwana afika mawa, apeza woyang'anira chitetezo ndiye yekhayo amene wavulala. Ndikufuna kulira, koma m'bedi loyandikana muli mkulu amene akundiyang'anitsitsa.

Loweruka

Kutacha: phala. Phazi latupa ngati chinangwa. Galimoto iliyonse ikadutsa panja ndikuti ndi ya bwana, akubwera kudzandichotsa ntchito pabedi pomwe.

Masana: palibe uthenga. Ndayamba kulemba kalata yopepesa, ndaing'amba. Ndayamba ina ya kwa Esinati, ndaing'ambanso.

Chakumadzulo: a Mwanza alowa, thukuta kamukamu, atenga nthochi ndi chijasi changa, chochapa, chosita, chopinda bwino. Akumwetulira mpaka m'makutu.

“Osadandaula, a Zaumoyo. Munaliko.”

Ndinaliko kuti?

“Ku nchito. Munakamba bwino maningi.”

Ndamvetsa pang'onopang'ono, ngati mmene ululu umafikira munthu akapunthwa. Mabanja anakhala pansi dzulo. Anati munthu wadwala, ntchito yake isafe, nyumba ya mkazi wake isapite. Anasankha a Tembo a Lachitatu, oimbitsa kwaya aja. Anawaveka chijasi changa. Bwana atatsika m'galimoto n'kutchula dzina langa, a Tembo anatsokomola pang'ono, n'kuyankha.

A Mwanza akuti anaphunzitsa zonse, jombo, zisoti, chingwe, simenti, osaphonya. Anaonetsanso bwana pamene panagumuka, n'kunena kuti dzulo pagwera munthu wina wosamva. Bwana anakalipira kontilakita pamaso pa anthu, matabwa otsala afika Lolemba. Kenako anafunsa aganyu mafunso, onse anayankha. Anafunsa mayi wina wongodutsa ndi mtolo wa nkhuni, nayenso anayankha! Bwana akuti sanaonepo woyang'anira wofikitsa uthenga mpaka m'midzi chotere.

Ndafunsa ngati bwana sanadabwe kuti mnyamata wongomaliza kumene kosi alibe mano akutsogolo ndipo ali ndi imvi. A Mwanza akuti anadabwa pang'ono, koma a Tembo anamuuza kuti ntchito ya kuno imakalambitsa.

Sindikudziwa ngati ndithokoze kapena ndikomoke. Ndadya nthochi.

Lamulungu

Kwaya ikumveka kuchokera kutchalitchi. Mawu okwera kwambiriwo ndikuwadziwa, ndi a Tembo, mawu anga a dzulo.

Ndaganiza zolembera bwana zoona zake. Ndikatero a Mwanza achotsedwa, a Tembo aitanidwa ku boma, mwina ndi kwa wapampando komwe, chifukwa chondichitira chifundo. Esinati akhalabe kwa amayi ake. Matabwa akubwera, palibe waganyu amene wavulala sabata yonse, ndipo midzi itatu ikudziwa kuponya chingwe. Cholembera ndachibweza m'thumba.

Mapemphero atatha a Tembo abwera kudzandiona, jombo zopukuta bwino kumapazi. Andigwira chanza ndi manja awiri. Akuti nyumba yatheka, bwana walonjeza. Koma pali kanthu kamodzi. Bwana akuti makiyi adzabwera nawo yekha mwezi wamawa, chifukwa akufuna kudzandigwiranso chanza ndi kujambulitsa nane chithunzi.

Ndiye kuti nkhope yanga ku Chipata ndi ya a Tembo, mpaka mmodzi wa ife adzapume pantchito.

Ndawapempha mwaulemu wonse kuti tsiku limenelo adzandiimirirenso. Akanda kumutu, ayang'ana kudenga.

“Mwezi wa mailo ni wopalila, bambo, apongozi sanganilole. Koma osadandaula, nizatuma mlamu wanga. Naye adziwa zonse, na kutsokomola komwe.”

Chabwino. Ndawapatsa chijasi kuti apite nacho kumudzi, chizikhala komweko. Amene adzakhale ine tsiku limenelo asadzavutike kudzachitenga kuchigayo.